Mpando Umene Anatisungira ku Malaga

Zinayamba Lachitatu, pa 14 Malichi 2018, cha m'ma 3 koloko masana, m'kachipinda kathu kopumuliramo ku nyumba yosamalira okalamba ku Oadby, pafupi ndi mzinda wa Leicester. Tsikulo ndikulidziwa chifukwa ndinalilemba pamwamba pa pepala limene ndinapatsidwa masana amenewo. Ine pepala lililonse ndimayamba ndalemba deti.

Ndinali nditagwira ntchito ya keya, yosamalira agogowo, pamalopo zaka khumi ndi chimodzi. Pa buleki ya tsiku limenelo tinalimo awiri, ine ndi nesi wathu, mtsikana wa ku Spain. Anali pafupifupi msinkhu wa mwana wanga woyamba, ndipo ankandiitana kuti ankolo monga ankachitira achinyamata onse a pantchitopo. Ndinangomuuza mocheza kuti mu Meyi ine ndi akazi anga tikwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu tili pabanja, ndipo tabukitsa ulendo wa masiku anayi wa ku Malaga.

Anaika kapu ya tiyi pansi.

"Ankolo! Malaga ndi kwathu! Ndiye mukundiuza lero?"

Ndinati sindinkadziwa. Zaka zitatu tikugwira ntchito limodzi, sindinamufunsepo mzinda wakwawo.

"Mukadya kuti?"

"Ku hotela. Nanga hotelayo ndi yachiyani?"

Anagwira m'mutu ngati wamva uthenga wa maliro. Kenako anang'amba pepala m'kabuku kake n'kuyamba kulemba. Anandifotokozera kuti kwawoko anthu sadyera malo amodzi. Amalowa apa, kudya kambale kamodzi ka nsomba, kutuluka, kukalowa pena, kudya kambale ka mabilinganya, mpaka mimba itanena yokha kuti basi. Timbale timeneti ndi timene amati tapasi. Analemba malo asanu, ndi chakudya choti tikaitanitse paliponse. Malamulo anandipatsa pakamwa. Pamene apachika zithunzi za chakudya pakhomo, osalowa. Pamene pali munthu wokuitanirani mumsewu, osalowa. Kulowa pamene pali phokoso, pali nkhalamba, ndipo pansi pali mbwee timapepala topukutira m'manja. Komanso osapita 2 koloko isanakwane, chifukwa tikapeza akukolopa.

Malo achisanu anawazunguliza mzere kawiri.

"Apa ndi pa amayi anga. Amayendetsa ndi malume anga. Ndi bala yaing'ono, koma mukadya zoti simudzaiwala. Ndiwauza tsiku loti akuyembekezereni. Mumamwa, ankolo?"

Ndinati ayi, ndine mkulu wa mpingo, ndipo akazi anga mowa sanaulawepo chibadwire.

"Palibe kanthu. Malalanje kwathu ndi osayamba, akakufinyirani."

Mawu oti bala ndinawamva bwinobwino. Sindinganame kuti anandidutsa. Ndinangowaika pambali, n'kumaganiza za chipinda cha matebulo ndi mipando, mwina ndi mabotolo ochepa kuseri kwina kosaonekera.

Akazi anga ndi nesi. Ndi iwo anayamba kubwera kuno mu 2003, ine ndi ana tinatsatira patapita chaka ndi theka. Kuyambira pamenepo akhala akugwira mashifiti a usiku pa chipatala chachikulu cha m'tauni. Holide iliyonse imene tinatengapo inathera kumudzi, ndipo kawirikawiri inali ya maliro kapena yokamanga chiliza. Ulendo wa ku Malaga unali woyamba kukwera ndege popanda woti tikamupepese.

Pepalalo analiwerenga m'khitchini kwathu ku Evington, mu Leicester momwemo, ataimirira, magalasi ali pamphuno.

"Timbale ting'onoting'ono? Inuyo abambo? Amene mumasuzumira mumphika musanamalize za m'mbale?"

"Akuti timachuluka."

"Tikaona. Ndikatengako mabisiketi m'chikwama, a mkulu wa mpingo angandikomokere mumsewu."

Anaseka n'kulimata pa firiji. Sabata yomweyo anatulutsa m'sutikesi chitenje chatsopano chimene anabwera nacho pa ulendo womaliza wa kumudzi, n'kuchisita. Anati kwa mayi wa mnzanu sitipita chimanjamanja. Ine ndinakopera malo asanu aja pa pepala lina, kuopa kuti loyambalo lingasowe.

Tinanyamukira pa bwalo la ndege la East Midlands Lolemba m'mawa, kunja kukuwaza kamvula. Ku Malaga tinapeza dzuwa ngati la mu Okutobala kwathu. Ine ndinali m'jekete ndipo sindinalivule, chifukwa munthu wamkulu mumzinda wa eni sayenda ngati wothawa moto.

Tsiku loyamba lomwelo ndinaswa lamulo la nthawi. Itakwana 12 koloko mimba inandikumbutsa, ndipo ndinawatsogolera akazi anga ku malo oyamba a papepala. Tinapeza chitseko chachitsulo chotsegula theka ndi bambo akukolopa. Anatilozera wotchi ya pamkono pake n'kutambasula zala ziwiri. Tinakakhala pa benchi pansi pa mtengo wa malalanje, ndipo akazi anga anatulutsa mabisiketi aja osanena kanthu. Kusanena kanthuko kunali chipongwe chokwanira.

Tsiku lachiwiri ndilo linali labwino. Malo achiwiri anali mumsika waukulu, pakati pa ogulitsa nsomba. Tinadya chiimire, ndipo sizinandivute, chifukwa msika ndi msika. Anatipatsa tinsomba tokazinga mu ufa, totentha, tofinyira ndimu. Akazi anga analawa kamodzi.

"Uyutu ndi usipa, abambo. Kungoti anapita kusukulu."

Kenako kunabwera mabilinganya odula mopyapyala, okazinga, othira uchi wakuda wa nzimbe. Ndinali ndisanawaonepo akudya motero, akunyambita zala pagulu, akulozera mbale ya munthu wina kuti nafenso atipatse yomweyo. Chilankhulo sankachidziwa, koma iwo ndi mayi wokazingayo anamvana ndi manja mpaka kusekera limodzi, mwina ankaseka ine. Mbale iliyonse ankaijambula ndi foni n'kutumiza ku gulu la amayi a kutchalitchi kwathu. Foni inkangolira ndi mayankho. Zimenezi ndinaziona n'kuzisunga mumtima.

Madzulo ake tinadutsa pa malo achitatu. Nditasuzumira ndinaona migolo ya vinyo itasanjikizidwa mpaka kudenga. Ndinati mwadzaza, tiyeni tipitirire. Zoona zake malo analimo. Akazi anga anandiyang'ana, koma anazisiya.

Lachitatu ndilo linali tsiku la ukwati wathu, ndipo ndi tsiku limene nesi uja anauza amayi ake kuti tidzafika. Akazi anga anavala diresi yobiriwira imene anaigulira ulendowu. Chitenje chija anachikulunga bwino m'pepala. Tinatsatira mapu a pafoni kulowa timisewu topanikizika kumene magalimoto safika, zovala zili zoyanikidwa m'mawindo a m'mwamba. Phokoso tinalimva tisanakhote.

Nthawi inali itangopitirira 2 koloko. Chitseko chinali chotsegula. M'katimo munali kauntala yaitali yachitsulo, anthu ataima mothinana, aliyense tambula m'manja. Kudenga kunkalendewera miyendo ya nkhumba youmitsa. Kukhoma mabotolo. Pansi timapepala tija, monga ananenera. Fungo la mowa linatichingamira pakhomo, losakanikirana ndi la adyo ndi mafuta. Amuna awiri ankakangana mokuwa, wina atagwira mnzake paphewa.

Ndinaima pakhomo pomwepo.

Ndinene zimene zinali m'mutu mwanga, osati podzikhululukira. Ndinakulira pa kamsika kena m'boma la Ntcheu, pamene panali mabala awiri. Mkazi wapabanja akamadutsa pamenepo ankaolokera tsidya lina la msewu, ngakhale atasenza mtolo. Akazi amene ankaima pa kauntala m'menemo anali ndi dzina limodzi lokha, ndipo aliyense ankalidziwa. Chinanso n'chakuti zaka ziwiri m'mbuyomo, ku holo imene mpingo wathu umapemphereramo ku Highfields, ife akulu a mpingo tinaika pabwalo bambo wina chifukwa cha chithunzi chimene chinazungulira m'mafoni, iye ali ndi botolo patsogolo. Amene anayankhula kwambiri tsiku limenelo ndinali ine. Ndiye pakhomo paja ndinaona foni m'dzanja la akazi anga, ndinaona mabotolo kukhoma, ndipo ndinaona chithunzi chikufika ku Leicester ife tisanafike.

Zina zimene zinali m'chipindamo maso anaziona koma mutu unazikana. Munali amayi awiri okalamba, tsitsi loyera, akudya nsomba. Munali mayi ndi khanda lake m'kangolo kokankha. Kuseri kwa kauntala kunali mayi wamfupi wa epuloni, kansalu kali paphewa.

"Ndi pano," akazi anga anatero akuyang'ana pepala. "Tiyeni."

"Ayi. Muno ndi m'bala."

"Eya, anatero mwana uja. Tingopereka moni n'kudya, abambo."

"Ndati ayi."

"Nanga mayi wa eni akutidikirawo? Chitenjechi ndichitani nacho?"

Anaponda sitepe yoyamba. Ndinawagwira pamkono. Ndinali ndisanawagwirepo choncho pagulu. Ndipo ndinayankhula m'Chichewa, motsitsa mawu, podziwa kuti mumsewu monsemo palibe wina angamve.

"Mukufuna mukaime pa kauntala ngati mkazi wa m'bala? Kapena ndi zimene mwakhala mukulakalaka zaka zonsezi?"

Funso loyamba mwina likanapita ndi mphepo. Lachiwiri sindidziwa kumene ndinalitenga. Sindikumbukira kuti ndinaliganizapo tsiku ndi limodzi lomwe. Linangotuluka lokonzakonza, ngati ndinachita kulisunga.

Anayang'ana dzanja langa mpaka ndinalichotsa. Anapinda pepala lija kanayi n'kundipatsa.

"Ndamva," anatero. "Tsogolani."

Ndinatsogola. Ndinawatengera ku bwalo lalikulu lodzaza ndi alendo, kumene woperekera zakudya wa malaya oyera anatiitana m'Chingerezi tikadali patali. Pakhomo panali zithunzi za chakudya zosuluka ndi dzuwa. Patebulo panali nsalu yoyera. Anatibweretsera mpunga wachikasu, wouma m'mbali, wozizira pakati. Akazi anga anapemphera, anadya theka, anapukuta pakamwa. Foni sanaitulutse. Ndinati, "Zaka makumi awiri ndi zisanu, amayi." Anati, "Mulungu ndi wabwino." Kenako anayang'ana nkhunda zimene zinkatola nyenyeswa pansi.

Tsiku lonselo anandipatsa ulemu wa mlendo. Ndikafunsa kuti tipite kuti, ankati kulikonse. M'mawa mwake, tikulongedza zobwerera, ndinawaona pakhomo la chipinda chathu akupereka chitenje chija kwa mayi wokonza zipinda za hotelayo, amene anadabwa kaye, kenako anawapsompsona masaya onse awiri.

Ndinkadziuza kuti zitha zokha. M'banja lathu zambiri zinatha choncho: ine chete, iwo chete, kenako wina wafunsa za makiyi. Tinafika ku Evington Lachinayi madzulo. Za makiyi anafunsa, chakudya anaphika, malaya anga anachapa pamodzi ndi awo. Koma chipongwe chinatha. Sabata yathunthu sananditchepo a mkulu wa mpingo. Lamulungu kutchalitchi amayi anawazungulira n'kumafunsa chifukwa chake zithunzi zinalekera panjira. Ndinawamva akuyankha kuti foni inatha moto. Ananama chifukwa cha ine, m'nyumba ya Mulungu, ine ndili poteropo ndikupinda mipando.

Kuntchito ndinabwerera Lolemba, koma nesi uja anali pa ofu, choncho tinakumana Lachinayi. Bodza ndinali nditalikonzeratu m'galimoto. Anandipeza ndikukankha ngolo ya tiyi.

"Ankolo! Mwanenepatu! Fotokozani zonse."

Ndinafotokoza za msika, za tinsomba, za mabilinganya. Anaomba m'manja. Kenako anafunsa za kwa amayi ake.

"Kwa amayi anu tinasochera," ndinatero. "Timisewu tija n'tofanana. Tinazungulira mpaka nthawi inatha. Mukatipepesere."

"Aa, pepani! Vuto ndi langa, ndikanakujambulirani mapu." Anatulutsa foni m'thumba la yunifolomu. "Onani zimene munaphonya."

Chinali chithunzi cha pakona ya chipinda chija, cha kuseri kwa chitseko, kumene ine sindinayang'ane. Panali katebulo kamodzi, kokhako m'nyumba monsemo, ndi mipando iwiri. Wina unali wamba, wina unali wa khushoni ndi moika mikono. Pakatebulopo panali jagi ya madzi a malalanje ndi maluwa m'kabotolo.

"Mpando uwu ndi wa kunyumba, malume anachita kuusenza. Ndinawauza amayi kuti akazi anu ndi nesi ngati ine, amachezera chiimire usiku wonse, ndiye pa tsiku lawo asakaimenso. Makasitomala anawathamangitsa pamenepo mpaka 4 koloko." Anaseka. "Akuti anaona anthu awiri pakhomo, bambo wa jekete kotentha konse kuja ndi mayi wa diresi yobiriwira. Anawakodola ndi kansalu, koma anthuwo anabwerera. Ine ndinawauza kuti si inu. Ankolo anga sangafike pakhomo n'kubwerera."

Sindidziwa ngati ankadziwa. Pankhope yake sindinaonepo kanthu. Ndinati, "Ayi, si ife." Pomwepo belu la m'chipinda china linalira, ndipo ndinalithokoza mumtima.

Shifiti yonse ndinagwira ngati manjawa ndabwereka. Gogo wina amene ndakhala ndikumupangira tiyi zaka zinayi ndinamupatsa wopanda mkaka, mpaka anandifunsa ngati ndikudwala.

Ndinafika kunyumba cha m'ma 6 koloko madzulo, kunja kukadali kowala. Akazi anga anali atakhala pa masitepe pafupi ndi chitseko, atavala yunifolomu, akumanga zingwe za nsapato. Basi yawo inali ya 7 koloko. Ndinaima ndi makiyi m'manja n'kuwauza zonse: za katebulo, za mpando, za bodza langa.

Sanadzutse mutu.

"Katebuloko ndinakaona," anatero. "Mayiyonso ndinamuona akutikodola. Ndinamugwedezera mutu."

"Bwanji simunandiuze?"

"Munandifunsa funso, abambo. Ndinali ndikuganiza yankho."

Ndinati ndinalakwa kuwamana chakudya chabwino pa tsiku lathu.

Apo ndiye anadzutsa mutu.

"Chakudya? Mukuyesa ndikulira nsomba?" Anaimirira n'kutenga chikwama. "Zaka khumi ndi zisanu ndimatuluka m'nyumba madzulo, kubwera m'mawa. Chaka ndi theka ndinakhala ndekha m'dziko lino inu muli ku Malawi. Ndinkayesa mumagona tulo. Kani mumakhala mukuganizira zimene ndikulakalaka."

"Sindinaganizepo choncho."

"Ndiye anayankhula ndani pakhomo paja?"

Ndinati ndikakusiyeni pa galimoto. Anati basi ilipo, ndipo anatseka chitseko pang'onopang'ono, monga ankachitira ana akagona.

Shifiti yawo imatha 8 koloko m'mawa, ndipo nthawi zonse amabwerera pa basi, kundipeza ndikumwa tiyi. Lachisanu limenelo ine ndinkalowa ntchito masana. Ndinadzuka 6 koloko, ndinameta ndevu, ndinayendetsa galimoto mpaka kuchipatala, n'kukaima pafupi ndi khomo limene manesi amatulukira.

Anatuluka ndi anzawo awiri, onse akukoka miyendo. Atandiona anaima, kenako anatsanzika anzawowo n'kubwera.

"Kwagwa maliro?"

"Ayi."

Sindinadikire kuti tilowe m'galimoto, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikangogwira chiwongolero ndiyamba za nyengo. Ndinanena pomwepo, anthu akutidutsa. Ndinabwereza mawu aja monga ndinawanenera, mafunso onse awiri, kuti asaganize kuti ndikupepesa china. Ndinati amene anayankhula pakhomo paja ndine, palibe wina. Ndinati ndinkaopa chithunzi ndi pakamwa pa anthu, ndipo mantha angawo ndinawasenzetsa iwo. Ndinati ndinakunyozani, amayi, ndikhululukireni.

Anandiyang'ana ndi maso ofiira a tulo.

"Mwana wa eni uja akudziwabe kuti tinasochera?"

"Eya."

"Nambala yake muli nayo?"

"Ndikumana naye masana."

"Masana ndikhala ndili m'tulo. Ndikufuna ndimve."

Tinalowa m'galimoto. Anamasula zingwe za nsapato, anatsamira, anatsinzina. Ndinaimba n'kuika foni pakati pathu kuti mawu azimveka. Inaitana kanayi.

"Ankolo? M'mawa uno? Kwachitika chiyani?"

"Palibe choopsa," ndinatero. "Ndili ndi akazi anga pano, akumva. Dzulo ndinakunamizani. Sitinasochere ayi. Tinafika pakhomo la amayi anu, ndipo amene anabweza ulendo ndine."